Kusamalira agogo pakhomo mu Harare: mmene mungawerengere malipiro ndi mtengo osagwa nazo

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Mufakose, amayi ena a mvano anandikokera pambali. "Achemwali, mwana wanga wamaliza kosi ya Red Cross, ndipo wapeza banja ku Marlborough lofuna munthu wosamalira agogo awo. Tiwatchulire zingati?" Funso lomweli ndinaliyankha mwezi watha ku sosaite yathu ya maliro, ndinaliyankhanso pa foni usiku kwa mlamu wanga wa ku Dzivarasekwa amene akufuna kuyamba kutumiza atsikana m'makomo monga ndimachitira ine. Pakamwa pauma, ndiye ndalemba. Amene adzandifunsenso ndidzangomutumizira izi.

Agogo athu ambiri anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzaphika ndi kulima maluwa m'nyumba za azungu mzinda uno ukadali Salisbury. Iwo sankatchula mtengo, ankangolandira zimene bwana wanena. Manyazi amenewo tinayamwira, ndipo ndi amene akutigwetsa pa bizinesi imeneyi. Timatchula mtengo tikuyang'ana nkhope ya kasitomala m'malo moyang'ana m'kope.

1. Yambani mwadziwa kuti bwana ndani

Pali njira ziwiri ndipo anthu amazisakaniza. Yoyamba, mumangopezera banja munthu, iwo n'kukupatsani kangachepe kamodzi, basi. Apa wolemba ntchito ndi banjalo, ndipo wosamalirayo ndi wantchito wa m'nyumba. Yachiwiri, banja limalipira inu mwezi ndi mwezi, inu n'kumalipira wosamalirayo. Apa bwana ndinu. Akadwala, akapita ku maliro, akakadandaula ku ofesi ya zantchito, dzina limene lidzaitanidwe ndi lanu.

Kusiyana kwake si kwa pakamwa chabe. Antchito a m'nyumba olembedwa ndi banja sali m'thumba la penshoni la NSSA, koma mukalembetsa kampani n'kumalemba anthu ntchito, mumadula 4.5 peresenti pa malipiro a wantchito, inunso n'kuonjezapo 4.5 peresenti yanu. Palinso msonkho wopita ku ZIMRA, bungwe la boma lotolera misonkho, kwa amene malipiro awo adutsa malire osadulidwa msonkho. Ndipo pitani ku ofesi ya zantchito akakuuzeni ngati ntchito yanu ili pansi pa NEC ina yake. NEC ndi bungwe la olemba ntchito ndi antchito a gawo limodzi, limene limaika malipiro akeake a gawolo. Safunsa anadya phula.

Zotsatirazi ndalembera makamaka a njira yachiwiri, koma banja lolemba lokha munthu lipezamonso masamu ake.

2. Lamulo liwerengeni ndi maso anu

Malamulo a antchito a m'nyumba m'dziko muno ali mu Statutory Instrument 377 ya 1992, imene ili pansi pa Labour Act. Anthu amangoti SI. Malipiro otsikitsitsa amasinthidwa ndi SI ina yatsopano imene imatuluka mu Government Gazette, ndipo bungwe la Veritas limaziika pa intaneti. Chithunzi chimene wina waponya pa gulu la WhatsApp musachikhulupirire. Chaka china ndinatsala pang'ono kukweza mitengo yonse chifukwa cha chithunzi chotere, kenako n'kupeza kuti chinali cha zaka ziwiri zapitazo.

Mu SI muli magiredi anayi: wa panja ndi m'maluwa, wophika ndi kusamala m'nyumba, wolera ana kapena wosamalira okalamba ndi olumala, ndiye pamwamba pake wosamalira okalamba ndi olumala amene ali ndi satifiketi ya Red Cross. Cholakwa chofala n'kulemba munthu ngati "sisi wa m'nyumba", giredi yachiwiri, pamene ntchito yake yeniyeni ndi kusambitsa agogo ndi kuwasintha matewera. Giredi imatsata ntchito imene manja akugwira.

Mukaipeza SI yatsopano, onani zinthu zitatu: ndalama ya giredi yanu, tsiku limene yayamba kugwira ntchito, ndi maalawansi. Tsikulo nthawi zina limakhala la m'mbuyo, kutanthauza kuti muli kale ndi ngongole kwa wantchito musanamve n'komwe. Maalawansi ndi a malo ogona, thiransipoti, magetsi ndi zophikira, kwa wantchito amene simukumupatsa zinthu zimenezi ulere.

Koma musanamizidwe. Ndalama ya mu SI ndi pansi penipeni, ndipo wosamalira wodziwa ntchito simungamupeze pa ndalama imeneyo. Kuyambira mu Febuluwale 2022, Britain itatsegula viza ya osamalira anthu, atsikana athu ambiri a masatifiketi anapita. Njirayo inatsekedwa kwa olowa atsopano mu Julayi 2025, koma amene anatsala kuno anadziwa kale kuti manja awo ndi a mtengo.

3. Werengani maola musanawerenge ndalama

Apa ndi pamene malangizo ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene pamagwera ndalama zonse.

Lamulo la antchito a m'nyumba limati sabata ya ntchito ndi maola 49, ndipo munthu apume tsiku limodzi ndi theka pa sabata. Maola opitirira ndi ovataimu, amalipidwa kamodzi ndi theka. Tsiku la holide ya boma limalipidwa kawiri. Tsono sabata ili ndi maola 168. Gawani 168 ndi 49, mupeza 3 ndi kanthu. Banja likanena kuti "tikufuna munthu mmodzi wogona konkuno azikhala ndi amayi nthawi zonse", likupempha ntchito ya anthu atatu ndi theka pa malipiro a munthu mmodzi. Sanena mwankhanza ayi. Sanawerengepo, ndipo kuwawerengera ndi ntchito yanu.

Usiku ulipo wa mitundu iwiri. Pali usiku wogona, pamene agogo amagona bwino, mwina n'kudzuka kamodzi kupita kuchimbudzi. Wosamalira wogona pakhomo angathe, bola akhale ndi bedi lake ndi maola ake opuma masana. Ndiye pali usiku wa maso. Munthu amene anachita sitiroko ndipo satha kudzitembenuza amafunika kutembenuzidwa maola awiri alionse kuti asachite zilonda za pamsana ndi m'chiuno. Agogo a matenda oiwalaiwala amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa, amatha kudzuka 2 koloko usiku n'kuyamba kumanga katundu kuti akupita kumudzi kukakolola. Amenewa si a munthu mmodzi.

Vuto n'lakuti mukafunsa banja kuti usiku umayenda bwanji, yankho limakhala limodzi: "Sakuvuta, amagona ngati mwana." Woyankhayo kawirikawiri ali ku Leeds kapena ku Johannesburg, ndipo anagona m'nyumbamo komaliza pa Khirisimasi. Choncho ine sinditchula mtengo wa mwezi tsiku loyamba. Ndimatchula mtengo wa masiku 7 oyesa, wolipiriratu. Wosamalira amapita ndi kope la sukulu, ndipo nthawi iliyonse akadzuka usiku amalemba ola, chimene chachitika, ndi mphindi zimene zatha. Tsiku la 8 ndimakhala pansi ndi kopelo. Ngati akudzuka koposa kawiri usiku uliwonse, ndimanena mosapita m'mbali kuti pakufunika shifiti ya usiku ya munthu wina, ndipo mtengo ndi wa anthu awiri.

Ndinaphunzira movutikira. Ndili woyamba kumene ndinavomera nyumba ina ya ku Greendale pa mawu a mwana wawo. Mtsikana amene ndinatumako anali wolimba, wosadandaula. Patatha milungu itatu anagona chiimire akutenthetsa phala, poto n'kupsa, utsi tho m'khitchini. Banja linafuna kuti ndimudule malipiro. Nditafunsitsa ndinapeza kuti ankadzuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi usiku uliwonse, m'mawa n'kuchapiranso banja lonse. Wolakwa ndinali ine amene sindinawerenge.

M'kope lomwelo azilembanso ntchito zina zimene akutumidwa. Zimabwera mokwawa. Lero "tatsukaniko timbale iti", mawa zovala za adzukulu, mkuja madzi a khonsolo akasowa ndiye akatunge ku mjigo ndi zigubu, agogo atatsala okha m'nyumba. Kuchapa zovala ndi zofunda za wodwala ndi kumuphikira ndi gawo la ntchito. Za banja lonse ndi ntchito ina, ya munthu wina kapena ya ndalama ina.

4. Lembani zonse zimene nyumba imodzi imakudyerani

Tiyerekeze ndi nyumba yosavuta: agogo ofunika munthu masana okha, masiku onse a sabata, usiku ali ndi achibale. Manambalawa ndi achitsanzo, inu muikemo anu.

Wosamalira wamkulu akugwira maola 9 kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndi maola 4 Loweruka m'mawa. Akwana 49. Malipiro ake tinene madola 200 pa mwezi. Amakhala ku Tafara, ntchito ili ku Avondale, ndiye kombi, ndiye kuti minibasi, kupita ndi kubwera tiike madola 2 pa tsiku, masiku 26, madola 52. Mvula ikagwa kapena apolisi akachuluka pamsewu mtengo wa kombi umakwera, ndipo mwina adzakwera mushikashika, timagalimoto tija tonyamula anthu mozemba. Mumufunse yekha kuti amakwera kangati, chifukwa ambiri amatsikira pa Fourth Street n'kukweranso ina.

Loweruka masana ndi Lamulungu pakufunika wogwirizira. Tiike madola 20 pa wikendi kuphatikizapo thiransipoti yake. Musachulukitse ndi 4. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye mwezi uli ndi masabata 4.33, ndipo zikwana madola 87. Amene amachulukitsa ndi 4 amalipira mawikendi anayi pa chaka kuchokera m'thumba mwake osadziwa.

Wosamalira akapita ku tchuthi amalandirabe malipiro, ndipo wogwirizira naye alipidwe. Ine ndimasunga gawo limodzi mwa magawo 12 a malipiro mwezi uliwonse, apa ndi madola 17. Madola ena 15 ndimasungira matenda ndi maholide. Labour Act imalola wantchito wodwala, ali ndi kalata ya dokotala, mpaka masiku 90 pa malipiro athunthu, ndipo tchuthi cha uchembere ndi masiku 98. Maholide nawo sabwera mofanana. Ogasiti ali ndi awiri otsatizana, la Heroes ndi la Defence Forces. Disembala ali ndi pa 22, pa 25 ndi pa 26. Epulo ali ndi pa 18, kawirikawiri ndi Pasaka yemwe. Agogo sasiya kufuna kusamba chifukwa ndi holide.

Magolovesi, maepuloni ndi yunifolomu, madola 12. Mayunitsi a foni ndi ulendo wanu wokayendera nyumbayo, madola 10. Zodula potumiza ndalama, madola 7, chifukwa ndalama zoyenda pa foni ndi pa banki zimadulidwa msonkho wa boma wotchedwa IMTT, pamwamba pa zimene EcoCash kapena InnBucks amadula okha.

Phatikizani: 200, 52, 87, 17, 15, 12, 10, 7. Zakwana madola 400. Malipiro ndi 200, koma nyumbayo ikukudyerani 400. Munthu amene amati "200 ya mtsikana, 100 yanga, ndiwatchulira 300" akutaya madola 100 mwezi uliwonse akuganiza kuti akupindula. Sazindikira msanga chifukwa amabisa dzenjelo pochotsa wogwirizira, mtsikana n'kumagwira masiku 7 osapuma mpaka tsiku lina osabweranso.

Matewera, mankhwala ndi chakudya cha wodwala musaziike mu mtengo wanu. Agule ndi a banja.

5. Phindu amagawa, sachita kuonjezera

Mukufuna kuti pa madola 100 alionse amene banja lalipira, 20 azitsala kwa inu. Mukatenga 400 n'kuonjezapo 20 peresenti mupeza 480, ndipo 80 pa 480 sikwana n'komwe 17 peresenti. Gawani 400 ndi 0.8. Mupeza 500. Mtengo wake ndi umenewo.

Madola 100 amenewo si a nyama ya Lamulungu onse. Ndi amene adzakunyamuleni mwezi umene nyumba ina yachedwa kulipira, komanso ndi malipiro anu a usiku umene foni idzalire 4 koloko m'bandakucha kuti wosamalira mwana wake wadwala, mupeze wina kusanache. Ine pansi pa 15 peresenti sindivomera nyumba, ngakhale ikhale ya a mpingo wathu.

6. Ndalama imene mwalandira ikhale yomwe mukulipira

Tonse tinaona mmene ndalama ya dziko lino yakhala ikusinthira. Mabondi anabwera mu 2016, RTGS mu 2019, ZiG mu Epulo 2024, ndipo pa 27 Sepitembala 2024 reti ya boma inachoka pa ZiG pafupifupi 14 pa dola kufika kupitirira 24 tsiku limodzi. Amene anagwirizana mtengo mu ZiG koma antchito n'kumawalipira madola anadzuka ali ndi kopitirira theka pang'ono.

Mtengo ulembeni m'madola a America. Banja likafuna kulipira mu ZiG, lembani kuti reti ndi ya kubanki ya tsiku lolipira, osati tsiku limene munalemba invoisi, ndipo ndalamayo muigwiritse ntchito sabata yomweyo. Kwa olipira ali kunja kudzera pa Mukuru kapena WorldRemit, nenani kuti ndalama yofika m'manja mwanu ikhale yathunthu, zodula ndi zawo. Wantchito mukamulipira asainire m'buku, mwezi uliwonse, ngakhale akhale mwana wa achemwali anu.

7. Mgwirizano ulembedwe kusanade

Tsamba limodzi likwana. Mulembe maola, ntchito zimene wosamalira adzagwira ndi zimene sadzagwira, tsiku lolipira, ndi dzina la munthu mmodzi amene ali ndi udindo wolipira. Mmodzi. Mukalola kuti ana anayi azisonkherana aliyense n'kumakutumizirani gawo lake, mudzasanduka wotolera ngongole wa banja la eni.

Banja lizilipira kumayambiriro kwa mwezi, inu muzilipira antchito kumapeto. Mutengenso dipoziti ya mwezi umodzi, ndipo munene chifukwa chake moona ngakhale n'chowawa: agogo akagonekedwa ku chipatala cha Parirenyatwa kapena akatisiya, banja limasiya kulipira tsiku lomwelo, koma wantchito wanu ali ndi ufulu wa notisi. Gawo 12 la Labour Act limaika notisi molingana ndi kutalika kwa mgwirizano, mwezi umodzi pa mgwirizano wa miyezi 6 mpaka chaka, ndi miyezi itatu pa wopanda tsiku lothera. Pa maliro simungapite ndi invoisi. Mumapita ndi chipepeso, dipoziti n'kugwira ntchito yake mwakachetechete.

Mzere wofunika koposa ndi uwu: boma likasintha malipiro kapena maalawansi, kapena mtengo wa kombi ukakwera n'kukhazikika, mtengo udzaunikidwanso, ndipo banja lidzauzidwa kutatsala masiku 30. Muwawerengere mzerewu mokweza tsiku losaina, akadali osangalala kuti apeza munthu.

8. Malipiro akakwera

Choyamba musanene kuti "anga ndimawalipira kale pamwamba pa za boma, sizikundikhudza". Zikukhudzani. Wa m'maluwa pa nyumba yomweyo akakwezedwa, wosamalira wanu amene amanyamula munthu wamkulu kupita naye kubafa amawerenga kusiyana kumene kwatsala pakati pawo. Sadzakuuzani. Adzangopempha tchuthi chokaona amayi ake ku Chegutu.

Bwererani ku masamu aja. Mwakweza malipiro ndi 10 peresenti, 200 yakhala 220. Wogwirizira nayenso akwera, tinene ndi madola 7. Za tchuthi zikwera ndi 2, za matenda ndi maholide ndi 1. Nyumba ija tsopano ikudya 430. Mukasiya mtengo pa 500, phindu latsika kufika pa 70, imene ndi 14 peresenti. Mukangoonjeza 20 ya malipiro yokha, 520, mwameza nokha madola 10 ndipo phindu lili pa 17 peresenti. Kuti mubwerere pa 20, gawani 430 ndi 0.8, mupeza 537.50, ndiye 540. Malipiro akwera ndi 20, mtengo ukwera ndi 40. Apa ndi pamene pamatentha, chifukwa banja linamvanso pa wailesi ndipo lidzakufunsani kuti 20 inayo ikupita kuti.

Muimbire amene amalipira, osati amene amakhala pakhomo, ndipo musatume wosamalira kuti akanene. Iye amadya nawo m'nyumbamo, musamuike pakati. Imbani kaye, kalata itsatire. Ine ndimayamba ndi agogo: mmene akudyera, chilonda chija chapola, sikelo ikuti bwanji. Kenako ndimati, "Achimwene, boma lasintha malipiro, pepala lake ndakutumizirani. Monga tinalembera mu mgwirizano, kuyambira mwezi wa mawa mtengo ukhala 540. Mwa 40 imeneyi, 30 ikupita kwa anthu awiri amene amasamalira amayi, 10 ndi yoti ndikathe kubweretsa wina tsiku limene mmodzi wadwala." Mukatero khalani chete. Musapepese katatu, musayambe kutsitsa iye asanayankhe.

Ena amavomera pomwepo. Ena amati ndalama palibe, ndipo nthawi zambiri amanena zoona, nawonso akugwira mashifiti kunjako. Amenewa ndimawapatsa zosankha zimene zimachotsa ntchito pamodzi ndi ndalama. Wachibale azikhala ndi agogo Lamulungu, wogwirizira azibwera Loweruka masana pokha. Kapena banja lizigula lokha magolovesi ndi maepuloni. Kapena wosamalira aziweruka ola limodzi msanga masiku amene mdzukulu wabwera ku sukulu. Chimene sindichita ndi kusiya ntchito yonse mmene ilili n'kuchotsa ndalamayo pa malipiro a mtsikana kapena pa tsiku lake lopuma.

Ngati SI yayamba tsiku la m'mbuyo, wantchito mumulipire zotsalira zake mwezi womwewo kuchokera m'phindu lanu, banja mulitumizire invoisi yapadera ya ndalama yeniyeniyo popanda kuikapo phindu. Zimenezi salimbana nazo kawirikawiri.

Likakana zonse, lipatseni notisi ya masiku 30 molemba, ndipo muwauze kuti ali ndi ufulu wolemba okha munthu. Kope la usiku lija ndi ndandanda ya mankhwala muwasiyire, n'za agogo. Masiku 30 amenewo muyambe kufunsira wosamalira wanu nyumba ina, ndipo mumuuze tsiku lomwelo kuti amve kwa inu, asamve kwa wa m'maluwa.